Ana asukulu akapita kukakonza chilumba namondwe atadutsa, amakachita chani kwenikweni?

Mwina munaziwonapo zithunzi zake pa Facebook kapena pa Instagram. Gulu la ana a ku koleji avala matisheti ofanana, matope mpaka m'mawondo, aliyense wanyamula kambande m'manja uku akumwetulira kamera, pansi alemba kuti tinapita ku chilumba chakutichakuti kukathandiza kubwezeretsa chilengedwe namondwe atawononga. Ena amaombera m'manja, ena nde amangoti aaa iyi ndi holide basi, angoiveka jekete la chifundo. Ine ndimaona kuti onsewa amafulumira kugamula mlandu asanafunse funso loyambirira, loti kodi namondwe akadutsa pa chilumba amathyola chani, ndipo pa zothyokazo ndi ziti zoti munthu wobwera sabata imodzi, amene mwina sanagwirepo n'komwe chikwanje, angathandizepo.

Titenge Puerto Rico, chilumba cha ku Caribbean, poti nkhani yake akatswiri anaitsata bwino komanso magulu a ophunzira ochokera ku America anathamangirako ambiri. Pa 20 Seputembala 2017 namondwe wotchedwa Maria anafika pamtunda cha ku Yabucoa, kum'mwera chakum'mawa kwa chilumbachi, mphepo yake ikuthamanga makilomita pafupifupi 250 pa ola. Pa 18 anali atapulula kale chilumba cha Dominica. Boma la Puerto Rico linadzavomereza kuti anthu amene anafa chifukwa cha namondweyu ndi mavuto obwera pambuyo pake anali 2,975, kutengera kafukufuku wa yunivesite ya George Washington, ndipo madera ena anakhala opanda magetsi miyezi pafupifupi 11. Izi ndayamba nazo dala, kuti tisamakambe za mitengo ndi mbalame ngati kuti pachilumbapo panalibe anthu.

Chilumba chimavulala mosiyana ndi dziko lalikulu. Kumtunda kwakukulu nkhalango ikagwa mbali ino, mbalame, mileme, njuchi ndi njere zimadzachokera mbali ina imene namondwe sanafikeko. Koma namondwe wamkulu amaposa chilumba kukula, amachikuta chonse ngati bulangete, nde kothawira kulibe, kochokera zodzalowa m'malo kulibenso. Chowonjezera ululu n'chakuti zamoyo zambiri za pazilumba zimapezeka pomwepo basi, zikatha pamenepo nde zatha padziko lonse. Ku Puerto Rico kuli chinkhwe chobiriwira chimene eni ake amati iguaca. Mu 1975 zinatsala 13 zokha m'tchire. Zitayamba kuchulukako, namondwe Hugo mu 1989 anachotsapo pafupifupi theka la zinkhwe 47 zimene zinalipo, kenako Maria atadutsa, mwa zoposa 50 za m'nkhalango ya El Yunque zinapezeka zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Ndipo sikuti mbalame zonse zimafa ndi mphepo usiku womwewo ayi, zambiri zimafa masabata otsatira ndi njala poti zipatso ndi maluwa zonse zayoyoka, zina zimagwidwa ndi mphamba poti masamba obisalamo kulibe. Chimene chinapulumutsa mtunduwu n'chakuti kunali zina zoweta m'makola komanso gulu lina ku nkhalango ya Río Abajo. Ntchito imeneyo si ya mlendo wa sabata imodzi, ndi ya anthu amene akhala nazo zinkhwezo zaka ndi zaka.

Munthu ukafika m'nkhalango yoti namondwe wangodutsa mtima umakupweteka. Phiri lonse lofiirira ngati lapsa ndi moto, mitengo yangotsala mizati yopanda tsamba, ndipo ganizo loyamba limabwera n'loti tibzale, tibzale msanga. Koma nkhalango za kumeneko namondwe sizinamuone lero, zinakula naye. Mtengo wa tabonuco mizu yake imalumikizana ndi ya anzake pansi pa nthaka moti pazitunda amagwirana ngati anthu owoloka mtsinje wodzaza. Kanjedza wa m'mapiri amene amati sierra amalola masamba onse apite ndi mphepo, thunthu n'kutsala, kenako amatulutsa atsopano pansonga. Ndiye pali yagrumo, mtengo wokula mothamanga umene njere zake zimangokhala phee m'dothi kudikira dzuwa, denga la masamba likangong'ambika zimamera mwaunyinji. Masamba ndi nthambi zonse zagwazo zimaola n'kukhala manyowa. Pakangopita miyezi yochepa phiri lija layambanso kubiriwira popanda munthu kubzalapo kanthu. Moti mkati mwa nkhalango yachilengedwe, thandizo lalikulu nthawi zambiri ndi kungoileka, osatolamo mitengo yakugwa ngati ukusesa pabwalo, chifukwa zikuni zowolazo ndi nyumba za achule, tizilombo ndi bowa.

Sikuti zonse zili bwino ayi. Katswiri wa nkhalango María Uriarte wa ku yunivesite ya Columbia ndi anzake atayerekeza anamondwe, anapeza kuti Maria anapha mitengo yochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anamondwe am'mbuyo ngati Hugo, ndipo anathyola ngakhale mitengo ikuluikulu yolimba imene kale inkapirira. Nkhawa nde yakuti anamondwe amphamvu chonchi akamabwera pafupipafupi, nkhalango idzasanduka ya mitengo yaifupi yokula msanga, zimphona zija osapeza mpata wobwereranso. Koma taonani mmene anadziwira zimenezi. Ku Luquillo, m'nkhalango ya ku Puerto Rico komweko, kuli malo a mahekitala 16 amene kuyambira 1990 mtengo uliwonse wonenepa kuposa sentimita imodzi uli ndi nambala yake, ndipo pakapita zaka zingapo anthu amalowamo ndi tepi kuyeza umodziumodzi n'kulemba kuti uwu uli moyo, uwu wathyoka, uwu wazuka. Ntchito yotopetsa, yonyowa, ya udzudzu, ndipo ambiri oigwira amakhala achinyamata ongomaliza kumene sukulu. Palibe amaijambulitsa, koma popanda iyoyo bwenzi tonse tikungolota.

Pena mwayi umangogwa. Mu 2017 katswiri wina, Colin Donihue, anali atangomaliza kuyeza abuluzi pa tizilumba tiwiri ta ku Turks and Caicos, ku Caribbean komweko, patangopita masiku ochepa namondwe Irma n'kufika, kenako Maria. Atabwerera patatha masabata angapo anapeza kuti abuluzi otsalawo anali a zala zokhala ndi timapazi tokulirapo togwirira nthambi. Akanapanda kuyeza namondwe asanabwere, akanayerekeza ndi chani? Nde mwana wasukulu amene wathera masiku asanu akuwerenga mbande mu kabokosi ka mita imodzi n'kumalemba m'kope asamadzione ngati wanyozeka.

Kumene manja amafunikadi ndi kumene nthaka inagumuka. Maria anasiya zigumukire zoposa 70,000 ku Puerto Rico malinga ndi akatswiri a za nthaka a boma la America. Pachigumukire si masamba okha apita, dothi lapamwamba lonse latsetsereka pamodzi ndi njere zimene zinali mmenemo, kwatsala katondo kapena thanthwe, ndipo mvula iliyonse ikagwa imakokololanso. Pamenepa nde pamalowa ntchito yobzala udzu wogwira nthaka ngati vetiva, amene mizu yake imatha kulowa pansi mamita atatu, kuika zipika mopingasa phiri kuti madzi azithyoka liwiro, kutsegula ngalande za m'mbali mwa njira zimene zatsekeka. Ana asukulu makumi awiri okhala ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala angapo amachita zooneka pa sabata. Ndipo phindu lake silithera paphiripo, pakuti matope onsewo akatsika ndi mtsinje amakathira m'nyanja n'kukakwirira udzu wa pansi pa nyanja ndi makorali, tinyama timene timamanga matanthwe m'nyanja. Pachilumba phiri ndi nyanja n'zoyandikana kwambiri, cholakwika pamwamba m'mawa chimatha kufika kugombe madzulo.

Tsopano tifike pa mitengo ya mangrove, poti apa mpamene pamaonekera bwino kusiyana kwa kuthandiza ndi kungodzisangalatsa. Iyi ndi mitengo imene imamera m'matope pamene nyanja yamchere imakumana ndi mtunda. Nyanja yamchere sikhala malo amodzi, madzi amakwera n'kutsika tsiku lililonse, malo ambiri kawiri, ndipo mangrove amadalira kupuma kumeneku. Madzi akakwera mizu imamira, akatsika mizu imapuma mpweya kudzera mu timizu totulukira pamwamba pa matope ngati mapensulo kapena mizu yokhala ngati miyendo ya kangaude. M'kati mwa mizu imeneyi ndi mmene nsomba, nkhanu ndi zina zimakulira zisanapite kunyanja yakuya, komanso mafunde akafika pamenepa amafooka asanakafike kunyumba za anthu. Nde namondwe akadutsa aliyense amagwirizana kuti mangrove abwezeretsedwe, ndalama zimatuluka, ndipo njira yosavuta kuwerengera ndi kunena kuti tabzala mbande zakutizakuti.

Vuto n'lakuti chimene chimapha mangrove ambiri si mphepo. Namondwe amakankha mchenga, zipika, malata, mafiriji, maboti osweka, n'kutseka timifuleni timene madzi amalowera ndi kutulukira. Madzi aja amangoima, satsikanso, mizu imabanika, dzuwa likamawomba mchere umachulukirachulukira, ndipo mitengo imene inapulumuka mphepo bwinobwino imayamba kuuma patapita miyezi. Ku Florida Irma atadutsa mu 2017 akatswiri anaona zimenezi poyera, malo amene madzi ankatuluka bwino mitengo inaphukanso yokha, malo amene madzi anakodwa nde inafa. Tsono tangoganizani, mwafika pamalo oterewa ndi mbande zanu 5,000, mwazibaya m'matope mwadongosolo, mwajambulitsa, mwakwera ndege. Chimene chinapha makolo ake chikadalipo pomwepo, mbandezo zipulumuka bwanji? Malemu Robin Lewis, katswiri wa mangrove, amene anathera moyo wake pa ntchito imeneyi, ankaphunzitsa kuti uyambe wakonza kayendedwe ka madzi, chifukwa mbewu za mangrove zimayandama, njira ikangotseguka zimabwera zokha ndi madzi n'kukhazikika pamalo oyenera mtundu wake.

Ndipo izi si zongoganizira. Ku Philippines namondwe Haiyan atawononga pa 8 Novembala 2013 kunabwera chintchito chobzala mangrove, koma mtundu umene ankakonda unali wa Rhizophora, chifukwa mbewu yake ndi yaitali ngati kandodo, ungoitola n'kuibaya, nazale osafunika. Ambiri anaibzala kutsogolo kwenikweni kwa nyanja kumene mafunde amamenya, malo amene mwachilengedwe ndi a mitundu ina monga Avicennia ndi Sonneratia, pena mpaka kubzala pamwamba pa udzu wa m'nyanja umene nawonso ndi malo ofunika a nsomba. Katswiri wa komweko Jurgenne Primavera anadandaula nazo kwambiri, anachenjezanso kuti mitengo ina imene anthu ankaidula poganiza kuti yafa inali yamoyo, ikanaphukira ikanangopatsidwa miyezi ingapo. Ku Sri Lanka nako, kafukufuku amene anayendera malo 23 obzalidwa pambuyo pa tsunami ya 2004 anapeza kuti malo 9 sipanapulumuke mbande olo imodzi, ndipo malo atatu okha ndi amene zopulumuka zinaposa theka. Anthu obzalawo sanali oipa mtima, anatuluka thukuta lenileni. Kungoti fisi akagwa m'mbuna salankhula, malipoti amanena zobzalidwa, zakufa amazidumpha.

Nde gulu la ophunzira limene lagwa m'manja abwino likafika pa mangrove, musadabwe kuona kuti masiku atatu oyambirira sanagwire mbande n'imodzi yomwe. Ali mu mzere kupatsirana ndowa za mchenga kutsegula kamfuleni, akukoka maukonde ndi zingwe zimene zakulunga mizu, akusenza malata ndi matayala kupita nazo pamtunda. Kununkha kwake ngati mazira owola, matope amakuvula jombo, matuza a m'manja amatuluka tsiku loyamba lomwe. Kubzala kumadzabwera pamene eni ntchito aona kuti mitengo yobereka mbewu yatheratu pafupi moti palibe chodzayandama kubwera chokha, ndipo amakuuza mtundu uti upite pati, poyang'ana kuti malowo amamira maola angati pa tsiku.

Kugombe la mchenga nkhani yake ndi yofananako. Milu ya mchenga imene imakhala kuseri kwa gombe ndi mpanda woyamba wa mudzi, namondwe amaiphwasula usiku umodzi. Kuibweza ndi mathirakitala n'kodula ndipo mchenga wongothira umauluka. Kumpoto kwa Puerto Rico gulu lina la pa yunivesite ya Puerto Rico ku Aguadilla limazika timatabwa tambirimbiri mumchenga, mphepo ikamadutsa imafooka n'kusiya mchenga pamenepo, mulu uja n'kumakula wokha, kenako amabzalapo zomera zoyanga za kugombe kuti ziugwire, n'kumanga timilatho ta matabwa kuti anthu asamaponde. Iyi nde ntchito yoti aliyense angaiphunzire pa ola limodzi. Chofunika kusamala ndi akamba a m'nyanja, amene amakwirira mazira mumchenga womwewo n'kutha miyezi pafupifupi iwiri asanaswe. Munthu wosadziwa atha kuyendetsa wilibala pamwamba pa chisa, kapena kuchotsa tchire lonse la m'mbali poti akuyeretsa, osadziwa kuti kutentha kwa mchenga ndi kumene kumapangitsa kuti ana adzakhale aamuna kapena aakazi, ukapitirira madigiri 29 amachuluka ndi aakazi.

Makorali ndiwo ambiri amawalakalaka chifukwa zithunzi zake n'zokongola, koma ndi kumene mlendo wamba amathandiza pang'ono. Korali amaoneka ngati mwala koma ndi tinyama tamoyo timene timamanga matanthwe pansi pa nyanja, ndipo matanthwe amenewa amachotsa mphamvu ya mafunde ndi 97 peresenti asanafike kugombe. Namondwe amathyola nthambi zake, makamaka mitundu ija yokhala ngati nyanga za mbawala. Chidutswa chothyoka chikadali chamoyo, chikamatidwa pa thanthwe ndi simenti chimatha kupitiriza kukula, koma chikasiyidwa chikugubuduzika mumchenga chimafa pa masabata ochepa. Nde ntchitoyi ndi yachangu, ya anthu odziwa kumira ndi mabotolo a mpweya amene ali pomwepo namondwe akangotha. Ana asukulu amafika patapita miyezi, chawo chimakhala kukathandiza m'manazale a pansi pa madzi, kupukuta ndere ndi kaburashi pa mapaipi amene apachikapo tizidutswa ta korali, kusakaniza simenti m'boti, kulemba manambala. Wosadziwa kusambira bwino bola atsale pamtunda, chifukwa phazi limodzi lolakwika limathyola chimene chinatenga zaka kukula.

Palinso zina zoti olo mutabwera anthu chikwi palibe chimene mungachite. Pa zilumba zosalala madzi akumwa amakhala pansi pa nthaka atayandama pamwamba pa madzi amchere. Nyanja ikasefukira pamtunda ngati mmene zinachitikira pa zilumba za Abaco ndi Grand Bahama ku Bahamas namondwe Dorian ataima pamenepo mu Seputembala 2019, mchere umalowa m'zitsime ndi m'dothi, nkhalango za paini zimauma zitaima. Pamenepo wochapa ndi mvula yokha, ndipo imatenga nthawi yake.

Chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira n'komwe ndi zamoyo zachilendo. Namondwe akang'amba nkhalango amatsegula khomo, ndipo amene amayamba kulowa nthawi zambiri ndi alendo olusa. Ku zilumba za Pacific monga Vanuatu ndi Samoa kuli chomera choyanga cha masamba akuluakulu chotchedwa Merremia chimene chimakwera pamwamba pa mitengo yovulala n'kuifunditsa mpaka mbande za pansi osaona dzuwa. Kudula ziyangoyango zoterezi mobwerezabwereza ndi ntchito imene imafuna manja ambiri osati ukatswiri, nde apa ophunzira amakwanira bwino. Pena namondwe yemweyo ndi amene amanyamula alendowo, mu 1995 anamondwe Luis ndi Marilyn atadutsa, asodzi a ku Anguilla anaona abuluzi akuluakulu obiriwira a mtundu wa iguana okwana 15 akufika kugombe atakwera pa mulu wa zipika zoyandama, pachilumba pamene mtunduwo panalibe. Koma chomvetsa chisoni ndi cha ku Dominica, kumene pambuyo pa Maria akatswiri anapeza kuti iguana wachilendo ndi achule a m'mitengo ochokera ku Cuba analowa nawo limodzi ndi makontena obwera nthawi ya chithandizo. Eti, thandizo lenilenilo n'kubweretsa vuto lina. Chifukwa chake gulu lodziwa chimene likuchita limatsuka jombo, matenti ndi zida lisanakwere boti, ndipo silibwera ndi mbewu kapena mbande zochokera kwawo olo zikhale zokongola bwanji. Mbande zimachokera ku njere zotoledwa pachilumba pomwepo.

Apa nditchuleko anyani a pa Cayo Santiago, poti nkhani yawo imandisangalatsa. Ndi kachilumba kakang'ono pafupi ndi Puerto Rico kumene mu 1938 anatulako anyani ochokera ku India kuti aziwachita kafukufuku. Maria anawononga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zomera za pamenepo, mthunzi n'kusowa. Akatswiri anaona kuti anyani aja, amene kale anali andewu, anayamba kulolerana kukhala moyandikana pa timithunzi totsalato, ndipo amene anali ndi anzawo ambiri ogawana nawo mthunzi ndiwo ankakhalitsa ndi moyo. Pamalo ngati amenewo mtengo umodzi wopulumuka ndi nkhani ya moyo ndi imfa, koma mbande ukaibzala osaitchingira ndi waya anyani omwewo amaizula.

Tsono za ndalama, poti otsutsa aja ali ndi mfundo yoona. Tikiti ya ndege ya mwana mmodzi, malo ogona ndi chakudya, zikanatha kulipira munthu wa pachilumbapo amene ntchito yake inapita ndi namondwe, amene amadziwa chikwanje ndipo mawa adzakhala ali pompo. Zimenezo n'zosatsutsika. Yankho limene ndimaliona lachilungamo n'lakuti ndalama za ulendowo kawirikawiri sizikanaperekedwa n'komwe pakanapanda ulendo, makolo ndi sukulu amalipirira mwana wawo kuti akaphunzire, nde tiyeni tingovomereza kuti wopindula woyamba ndi wophunzirayo, ndipo palibe cholakwika bola asamanamizire kuti wapulumutsa chilumba. Chofunika kufunsa n'chakuti pa ndalamazo ndi zingati zatsala m'manja mwa bungwe la komweko, kodi amene akuwatsogolera m'matope akulipidwa, kodi ana asukulu a pachilumbapo ali nawo m'gulumo kapena akungoonerera ali pamsewu. Nthawi yopitira nayo ndi nkhani. Masabata oyambirira mlendo aliyense amamwa madzi, amadya chakudya, amatenga bedi ndi mafuta a jenereta zimene eni dziko akuzisowa. Ntchito ya chilengedwe siithawa, patatha chaka kapena ziwiri makamera atachoka mpamene manja amasowa kwambiri.

Ku Puerto Rico mabungwe oti munthu angagwire nawo analipo kale namondwe asanabwere. Para la Naturaleza ili ndi manazale ake a mitengo yachilengedwe ndipo pambuyo pa Maria inalengeza cholinga chobzala mitengo 750,000 pa zaka zisanu ndi ziwiri. Ku Adjuntas kuli Casa Pueblo, imene nyumba yake inali ndi magetsi a sola pamene tauni yonse inali mumdima. Ukapita kwa anthu otere sufika ndi pulani yako, amakupatsa yawo, ndipo mwina sabata yonse uithera mu nazale kuthira dothi m'machubu ndi kuzula udzu, pakuti mbande imafuna miyezi yambiri ya kuthirira isanapite kumunda komanso zaka zingapo za kupalira ikabzalidwa. Funso loyezera ntchito si loti munabzala zingati, ndi loti patatha chaka zatsala zingati, patatha zaka zitatu nanga, ndipo akuzithirira ndani chilimwe chikafika.

Ndiye pali funso loti malo mukukonzawo ndi a ndani. Ku Barbuda Irma atafika pa 6 Seputembala 2017 anthu onse a pachilumbacho, pafupifupi 1,800, anasamutsidwira ku Antigua. Malo a ku Barbuda kuyambira kale anali a anthu onse pamodzi, osagulitsa, koma pambuyo pa namondweyu boma linasintha malamulo a malo, kunayambikanso ntchito yomanga bwalo la ndege latsopano imene anthu ena a komweko anakaitsutsa kukhoti ponena kuti ikuwononga chilengedwe, mlandu mpaka unakafika ku London. Wophunzira wobwera ndi mtima wabwino atha kupezeka akubzala mitengo yokongoletsa malo amene msodzi wathamangitsidwapo, kapena akuzika zikwangwani zoletsa kulowa pa mangrove amene banja lina lakhala likugwirapo nkhanu kuyambira agogo awo. Mlendo ndi mame, sabata ikatha wapita, otsala ndi zotsatira zake ndi eni mudzi, nde kufunsa kuti kodi anthu a pano anagwirizana nazo si mwano.

Za chitetezo ndingodutsamo mwachangu. Jakisoni wa kafumbata ndi wofunika poti misomali ndi malata a dzimbiri zili paliponse. Madzi oima amatha kukhala ndi matenda ofala ndi mkodzo wa makoswe, amene anavutitsa anthu ku Puerto Rico pambuyo pa Maria, choncho wa chilonda kuphazi asalowe m'matope. Macheka a injini ndi a anthu ophunzitsidwa okha, mtengo wogwa wopanikizika umafyatuka ngati msampha ukaudula molakwika. M'magombe a ku Caribbean mulinso mtengo wa manchineel wa tizipatso tooneka ngati maapulo, utomoni wake umawotcha khungu, utsi wake ukaupsereza umavulaza maso, nde osangotola chikuni chilichonse kukasonkhera moto. Kwinako ndi dzuwa, chipewa ndi madzi akumwa.

Tsiku lomaliza la ulendo woyenda bwino silikhala la phwando lokha. Mbande iliyonse yamangidwa kachitsulo ka nambala, malo ake alembedwa ndi GPS, ajambula chithunzi ataima pa chikhomo chimene gulu la chaka chamawa lidzaimenso pomwepo n'kujambula mbali yomweyo, kope lonse latsala kwa eni ntchito limodzi ndi magolovesi, mafosholo ndi mawilibala. Nyengo ya anamondwe ku nyanja ya Atlantic imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala chaka chilichonse. Ku Puerto Rico namondwe Fiona anafika pa 18 Seputembala 2022 ndi chimvula chimene chinasefukiritsa mitsinje n'kugumulanso mapiri, mbande zobzalidwa mu 2018 zili ndi zaka zinayi zokha.